Cha M'chitini cha Penti

Achimwene a Lifeyo adabwera nacho m'sokosi,
chinthu chadothi ngati anyezi wokalamba,
atachifukula kuphiri la Chipata
komwe ankalondera njovu za boma.
"Ichi n'chodana ndi dzuwa," adatero,
"kwawo n'kunsi kwa mitengo yosayoyoka masamba,
komwe nkhungu imadzuka mochedwa."
Ine n'kuti, nanga kuno ku Linga,
komwe Okutobala amafewetsa phula pamsewu,
mthunzi ndikaugula kwa yani?

Ndidaboola chitini cha penti ndi msomali,
mabowo asanu ndi awiri.
Masamba ovunda ndidakakokola kuseri kwa mzikiti,
pansi pa mango aja amadyetsa mileme,
mankhusu a mpunga ndidapempha kuchigayo,
mchenga dzanja limodzi.
Ndidachikhazika pakhonde, kuseri kwa makina anga osokera,
pomwe dzuwa limangosuzumira m'mawa n'kubwerera.

Chidatulutsa tsinde lamawangamawanga ngati nkhanga,
masamba onyezimira ngati awapaka mafuta.
Duwa ayi.

Obwera kudzayesetsa zovala sankasowa chonena.
"Atelala, zimenezi ndi ndiwo?"
Ayi.
"Nanga n'zochiza chiyani?"
Palibe.
Mayi Asiyatu, ataluma ngodya ya mpango, adanong'ona:
"Tiuzeni zoona, n'zokokera makasitomala."
Ndidaseka mpaka singano idandibaya.
Munthu kuthirira chinthu chosadyedwa, chosachiza,
kuno n'kovuta kufotokoza.

Juni atafika ndi mwera wake, masamba adachita chikasu,
adagwa limodzilimodzi mpaka m'chitini mudatsala dothi lokha.
Mayi a kunyumba adachifuna chitinicho
kuti afesemo tomato.
Ndidapisa chala usiku, ngati wakuba,
n'kuchipeza chili gwa, cholimba ngati chidendene.
Achimwene adaandichenjeza kale:
"Chikagona musachidzutse ndi madzi, chingavunde."
Kusamala kwina n'kusiya.
Zimenezo ndidaziphunzira mochedwa, pa zaka zanga zino.

Mwezi womwewo chifuwa chidawagoneka achimwene kuchipatala.
Ndinkawapititsira phala m'fulasiki,
iwo n'kumafunsa za chitini asanafunse za ana.
Tidakawaika ku Mwansambo mu Ogasiti, fumbi lili kobo.
Nsapato zawo zakutchire zikadali pansi pa bedi langa,
palibe mwendo ukuzikwana.

Ndidaiwala chitini.
Nkhuku zidasamba m'dothi lake,
mwana wina adaponyamo chitsekerero cha botolo.

Ndiye Novembala, mvula ikungolonjeza kumapiri,
anthu akugona panja chifukwa cha thukuta,
m'mawa wina ndikuvundukula makina
ndidaona ndodo yobiriwira itaima yokha,
yopanda tsamba ngakhale limodzi,
kumutu itanyamula nkhonya yofumbata.

Masiku anayi, nkhonya idatambasuka.
Moto wozungulira ngati mpira wa ana,
timasingano tofiira mbali zonse,
kalikonse kali ndi kadontho kachikasu kunsonga.
Ine wosoka, ndidayesa kuwerenga masinganowo,
ndidasokonezeka pa makumi asanu ndi atatu,
n'kuyambiranso, n'kusokonezekanso.

Tsiku limenelo diresi la ukwati wa eni lidadikira.
Akabaza adaimika njinga.
Mwana wa sukulu adafunsa ngati ndi lapulasitiki,
ndidamumenya kadzanja asanalikhudze.
Mayi Asiyatu adaima nthawi yaitali osayankhula,
kenako: "Likabala mundigaireko."
Sadafunsenso kuti n'lochiza chiyani.

Dzina lake sindilidziwa mpaka lero.
Mphunzitsi wina adalitchula m'chizungu,
lidandidutsa kukhutu ngati udzudzu.
Pakhomo pano timangoti la a Lifeyo.

Sabata ziwiri, basi.
Lidazima pang'onopang'ono ngati khala la m'simbi,
masamba n'kubwera pambuyo pake,
mvula n'kugwa.
Dzulo ndapisanso chala m'dothi:
pambali pa anyezi wokalamba uja
pali kena kakang'ono, kakukankha.
Chitini china ndachipeza kale kwa opaka penti.
Msomali uja ndi umene ndikuufunafuna.