Banja la Dzanzi

Magetsi azima folo koloko, Kawale yense zii,
chigayo cha a Mkwezalamba chatsamwa ndi chimanga kukhosi.
Ine mawa ndili ndi mayeso ku Bunda,
kandulo ya pa okala yotsala theka,
ndi tsamba la nsomba imene sindinaionepo.

Pachithunzi ndi yobulungira ngati mbale yamalata,
mchira wonenepa, zipsepse ziwiri pamsana,
timaso ngati njere za mapira.
Uku ndi uku kwa mutu ili ndi ziwalo zonga impso
momwe imasungira mphezi yake.
Sigula mayunitsi. Siifola pamzere.

Ndikutsika makwerero, ndikuloweza mokweza.
Animalia: bwalo lalikulu,
ndilimo ine, ulimonso udzudzu ukundilira m'khutuwu.
Chordata: udzudzu watsala panja, talowa ife amsana.
Chondrichthyes, lilime lapunthwa, ndibwereze,
amafupa ofewa, achibale a shaki.
Apa ndatsala ndine.
Nsomba yapitirira yokha
kudutsa Torpediniformes, onse osenza moto m'madzi,
mpaka pa kakhomo kopapatiza: Narcinidae.
A Chimphamba anati muzu wake ndi Chigiriki,
tanthauzo lake dzanzi.

Pakhonde pali mlamu wanga Layisoni, wowotcherera zitsulo.
Makina ake ali duu,
geti ya mwiniwake yagona chagada, sabata yachiwiri.
"Imeneyo ndi nyesi," akutero,
"ndinaigwirapo ku Chikwawa ndili mnyamata,
mkono unafa mpaka dzuwa kulowa."
Ndikuti ayi alamu, nyesi ndi ya mumtsinje,
ndi ya kwa mlamba, mafupa ake ndi ouma.
Iyi ndi ya m'madzi amchere, imakwiririka mumchenga,
imabereka ana amoyo.
Kufanana ntchito si ubale.
"Nanga imadyedwa?"
Sindikudziwa, bukuli silinanene.
"Basi tiwete ziwiri mudiramu, getiyi ithe."
Waseka yekha, chifuwa n'kumulanda chisekocho.

Lolemba lapitali, ku ofesi ya ngongole za sukulu,
anandipatsa fomu.
Dzina lanu: Ndamiwe. Dzina la mayi: ndinalemba.
Dzina la bambo.
Cholembera chinaima, mlembi n'kugogoda tebulo ndi chala,
ndinajambula kamzere, ngati msewu wothera pathengo.
Nsomba yogona m'matope kutsidya kwa dziko
ili ndi mayina asanu ndi awiri
ondandalika bwino, lililonse likuloza kwawo.
Wina anakhala pansi, anaiwerenga zipsepse, anaiyeza kamwa,
anati iwe ndiwe wa uku.

Mizere yomaliza, phula likudontha pa Narcine,
Diplobatis, Discopyge,
kenako Benthobatis, ya pansi penipeni
pomwe dzuwa silinapondepo.
Maso ake anaphimbika ndi khungu.
Siona, koma moto ili nawo.

Kandulo yatha.
Jenereta ya ku bala ikulira patali,
Layisoni wagona pampando, chipewa kumaso.
Ndikubwereza mumdima, kuyambira pamwamba,
ndikuwerenga ndi zala,
chala chilichonse khomo lake,
ndipo pofika pa Narcinidae
mwendo umene ndaukhalira wachita dzanzi.
Ndaupsinja. Suli wanga, suli wa wina.

Cha m'ma thu koloko babu laphethira kawiri.
Mwana wina kuseri kwa mpanda wakuwa, "Ayaka!"
Ine ndatsinzina,
ndinali ndisanamalize.