Singano Isatsike

Silinda yafika Lachitatu itagona pa lole ya simenti,
fumbi la ku Ulongwe lili mbuu m'khosi mwake.
Tayigubuduza atatu, ine, Jawadu ndi mlonda,
n'kuimanga kukhoma ndi unyolo
ngati nkhunzi yolusa,
chonsecho sinagunde munthu.

Hiliyamu. Alibe fungo, alibe mtundu,
koma mtengo wake ukuposa malipiro anga a miyezi iwiri.
Ntchito yake n'kunyamula basi:
kutenga zomwe ndabaya ndi jekeseni,
kuziyendetsa m'kanjira kopotana m'mimba mwa makina
mpaka chilichonse chituluke pachokha, pa nthawi yake,
iye osawonjezapo liwu.

Bambo anga, Che Likonde,
ankakonza mipope ku Mpondasi.
Paipi ikadontha ankalenga chubu cha njinga,
kukulunga, kukoka ndi mano,
n'kumati madzi ali ndi ulemu,
amanyowetsa pansi kuti udziwe pomwe akuthawira.
Adadi, uyu alibe ulemuwo.
Amachoka osatsanzika.

Ndadula paipi ya mkuwa yoonda ngati tsekera,
ndapala kukamwa kwake kuti pasatsale kachitsulo.
Nati kaye, kenako timphete tiwiri.
Ndamanga ndi zala mpaka zala zakana,
sipanala yangomaliza, osakwanitsa n'kuzungulira kumodzi.
Jawadu akuti onjezerani, achemwali, ilimbe.
Ayi. Womanga mwaukali amaphwanya mphete,
ndipo mphete yophwanyika sikhululuka.

Panjira ndaika timabotolo tiwiri tosefa,
kena kamamwa chinyezi, kena kamagwira okosijeni.
Taonani zake:
mpweya womwe ukundisunga moyo muno
ndiwo mdani wa makinawa.

Ndisanalumikize kumapeto ndatsegula pang'ono,
psiii, kuti mpweya wa m'chipinda uthamangitsidwe m'paipi.
Jawadu wagwira kumutu,
akuwerenga makwacha akuuluka pawindo.

Kenako wabwera ndi thovu la sopo m'kapu.
Ndamubweza pakhomo.
Dontho limodzi likalowa m'katimo
tidzawerenga sopo mpaka mvula yoyamba.
Tichita chonchi: tidzaze njira yonse,
titseke silinda, ndilembe kadontho pagalasi la geji
pomwe singano yaima,
ndiye tidikire.

Okutobala akuwotcha malata.
Azana yamveka cha kumsika, Jawadu wapita kokaswali.
Ndatsala ine ndi singano,
kuyang'anizana ngati apongozi.

Mphindi makumi atatu.
Yatsika. Pang'ono zedi, ngati m'lifupi mwa tsitsi,
koma yatsika.

Ndakwawira kuseri kwa makina, thukuta lili m'maso,
ndamasula mfundo imodzi imodzi.
Ya chinayi: kamphete kakang'ono kali chozondoka.
Palibe wina anagwirapo.
Ndi manja angawa, ophunzira zaka zinayi,
omwe m'mawa uja ndimalozera nawo mnzanga.
Ndadula paipi, ndayambiranso,
ndipo Jawadu atabwera ndamuuza ndekha
asanafunse.
Waseka mpaka kukhala pansi.

M'firiji muli kapepala ka usipa wouma.
Anabwera nako ndi Abiti Mdoka sabata yatha,
atakakulunga pansonga ya chitenje.
Akuti pabenchi pomwe anagula
ntchentche sizitera,
mabenchi ena onse zili ng'waa,
ndipo mwana wawo anasanza usiku wonse.
Sanafunse dzina la makina.
Anangoti, mudzandiuze zoona.

Zoonazo zidzadutsa m'kapaipi aka.
Pakakhala kabowo, ngakhale kosalowa nsonga ya munga,
mzere wa pakompyuta udzanjenjemera,
ndipo ndidzanamizira wogulitsa wosalakwa
kapena kumasula wothira mankhwala a thonje pa ndiwo za ana.

Tadzazanso. Tatseka. Kadontho katsopano pagalasi.
Mlonda wasuzumira, akufuna kukhoma geti.
Dikirani, achimwene.
Ola lathunthu.
Magetsi azima, fani yaleka kulira,
Jawadu wayatsa tochi ya foni
n'kuunika geji.

Ili pomwepo.