Chaka Changa Chikadali M'njira

Usiku wa makombola ndinagona msanga.
Ndinawamva akuphulika ndili m'bulangeti,
mawindo akunjenjemera,
galu wa a Torleif akulira kunsi kwa masitepe,
ine n'kutembenukira kukhoma.

Kutacha, ngati n'kucha kumeneku,
mzinda wa Tromsø unali womwe uja wa dzulo:
mdima wabuluu uli phee padoko,
nyali za pamlatho zikuyakabe masanasana,
chipale chofewa chitameza njinga yanga mpaka pachishalo.

Kalendala yatsopano ili m'pepala lake pamwamba pa filiji.
Yapakhoma ikunenabe kuti Disembala,
tsiku la dokotala wa mano litazunguliridwa ndi inki yofiira,
tsiku limene sindinapiteko.

Ingvild anaimba foni ali ku Oslo:
"Amayi, chaka chino mwakonza zotani?"
Iyeyo wayamba kale kuthamanga mbandakucha,
wasiya shuga,
wagula kope lolembamo malonjezo.
Ndinamuuza kuti ndakonza supu wa nsomba
ndipo watsalako wa mawa.
Anaseka, kenaka zii,
zii uja wa mwana amene akuwerenga zaka za mayi ake chamumtima.

Usade nkhawa, mwanawe.
Kuno dzuwa linatsanzika mu Novembala
ndipo palibe analilembera kalata yolikalipira.
Lili kuseri kwa mapiri, likumanga zingwe za nsapato.
Nanga ine ndithamangirenji
pamene mwini tsiku sanafike?

Tsiku lachitatu ndinafosholako njira ya pakhomo,
theka lokha,
lokwana munthu mmodzi ndi thumba lake.
Lachisanu ndinabweza poto wa a Torleif
amene ndinabwereka chaka chatha,
tinaima pakhomo osanena zambiri,
mpweya wathu ukufuka ngati wa ng'ombe ziwiri m'khola.
Lachisanu ndi chimodzi sindinachite kanthu.
Ndikulilemba pano kuti nalonso liwerengedwe.

Pali juzi ya ubweya imene ndinayamba kuluka mu Malichi.
Mkono wakumanzere unatalika kuposa unzake.
Ndaumasula wonse,
ulusi uli nyomphonyompho pamiyendo panga,
ukukumbukirabe mmene unapindikira.
Nanenso ndili choncho:
chaka chatha chandimasula,
koma mapindiko ake sanandichoke.
Maliro a Gunnvor, mlongo wa malemu amuna anga.
Bondo ili.
Ntchito ya kufakitale ya nsomba imene inatha popanda keke.
Zinthu zotere sizimva belu la pakati pa usiku.

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha.
Ine ndakoka mpando kuuika pazenera lakummwera
ndipo cha m'ma leveni koloko
m'mphepete mwa thambo mumafiira pang'ono,
ngati tsaya la mwana amene wangodzuka.
Dzana kufiirako kunatha ndisanamalize khofi.
Lero ndamaliza, n'kutsukanso kapu,
kukadali kuwala.
Palibe nyuzipepala imene yalemba zimenezi.

Mumsewu achinyamata akudutsa liwiro,
tochi pachipumi, wotchi ikuwawerengera mapazi.
Apite, miyendo ndi yawo.
Kuthamanga sikufika,
komanso kukhala sikufika, ndikudziwa,
n'chifukwa chake mawa ndikafosholako theka linalo.
Kapena mkuja.

Januwale akamapita kumapeto,
dzuwa lidzasuzumira pakati pa mapiri awiri aja,
kachidutswa chabe, ngati chikhadabo,
ana a sukulu adzatuluka ndi mabanzi m'manja
kukaliimbira.
Ine ndidzavala juzi yanga,
kaya mikono yafanana kaya ayi,
ndidzaima panja mpaka maso atuluke misozi.
Ndikadzalowa m'nyumba
ndidzatsitsa kalendala pafiliji,
ndidzang'amba pepala lake,
ndi kufunafuna msomali.

Ingvild, tsiku limenelo ndidzaimba ndine.
Udzayankhe,
ngakhale uli pakati pothamanga.