Zitheba Zosagonja

Ndatsika minibasi pa Bembeke dzuwa litapendeka,
choko chikadali m'zikhadabo,
m'jumbo muli zitheba za kwa Nasiyaya.
Akuti wathyola kudimba mame asanaume,
ndipo wandiikira pulayizi.

Mbaula yakolera.
Ndibudula nsonga, ndithyola pakati,
thyo! thyo!
Chitheba chanthete sichilimbana ndi chala.

Anyezi kaye, mafuta supuni imodzi basi,
tomato mmodzi wofewa uja,
mchere wotsina ndi zala ziwiri.
Kuchipatala cha boma anatichenjeza:
magazi a bambo akuthamanga
kuposa mwini wake.

Timadzi, chivundikiro.
Nkhungu isanathe kutsika phiri
ine ndaphula kale.

Bambo asuzumira m'mbale, chipewa chili kumutu.
"Zapsa zimenezi?
Kubiriwira ngati zikadali pamtengo!
Mayi ako ankazisiya pamoto
mpaka zigonje."

Sindiyankha.
Ndingowasendezera kachewere wotentha.

M'nyumba muli zii,
kupatula mano asanu ndi awiri otsalawo
akugwira ganyu, kukukuta,
kukukuta.

"Mawa uziphikitseko," atero,
uku chala chikuzungulira m'mbale
kusaka msuzi womaliza.