Tsamba Limene Linachedwa

Ku Kemi, mu Januwale, dzuwa limangosuzumira
n'kubwerera. Fakitale ya mapepala siigona.
Chinsalu cha pepala, mamita asanu ndi atatu m'lifupi,
chimathamanga pa mipukutu kuposa galimoto za pa msewu wa ku Oulu,
ndipo Lachiwiri, itangokwana 3 koloko usiku,
chinang'ambika.

Aulis anandiimbira. Sanatukwane.
Anangoti, "Rauha, bwera udzaone."
Matani anayi a pepala lonyowa ali mbwee pansi,
amuna atatu akulikankhira m'dzenje ndi mafosholo.

Ndinafufuza m'zolemba za kompyuta mpaka khofi anazizira kawiri.
Ndinachipeza: mamilisekondi makumi anayi.
Pulogalamu yanga, imene imayang'anira kukoka kwa mainjini,
inatambasula dzanja kufuna tsamba limodzi la memore
n'kupeza palibe.

Si kuba ayi. Kenelo ndi kapitawo wosamala malo.
Anaona kuti tsamba lija latha masabata atatu osakhudzidwa,
lodzaza ndi malangizo a tsiku loipa okhaokha,
anati ili likungodya malo,
nalitsitsira ku disiki, kuchipinda chapansi,
kuti ena apeze pokhala.
Tsiku loipa litafika
tsamba linakwera masitepe lili wefuwefu,
pepala litapita kale.

Ndiye ndinalemba mzere umodzi, mlockall,
ndi mawu awiri pambali pake:
zomwe zilipo, ndi zomwe zidzabwere.
Ndiko kunena kuti usasunthe kanthu kanga.
Chili m'manja mwanga chikhale m'manja,
ngakhale chaka chithe ndisanachifune.

Makina anakana. Akuti malire anga ndi makilobaiti 64.
Ndinadzutsa Pirkka, wosunga makiyi onse,
anayankha ali m'bulangeti:
"Ukudziwa kuti ukakhoma chitseko chako
ena ndi amene azigona panja?"
Ndikudziwa, ndinatero.
Pulogalamu yolemba malipoti izichedwa. Ichedwe.
Lipoti lochedwa silinang'ambepo pepala.

Anakweza malire.
Ndinakhudza tsamba lililonse, limodzilimodzi,
ngati mphunzitsi wowerenga ana basi isananyamuke,
kenako loko anagwira.

7 koloko, kunja kudakali bii.
Ndikupala madzi oundana pa galasi la galimoto
ndinafuna nambala ya foni ya Sirkku, mng'ono wanga wa ku Tornio.
Mufoni ndinaifufuta kale.
Ndinaima, chopalira chili m'manja,
kudikira kuti ikwere kuchokera kumene ndinaitsitsira
zaka zinayi zapitazo, titaika bambo,
tsiku lomwe tinakanganirana bwato lawo.
Ziro, folo, ziro. Kenako zii.

Palibe anandibera.
Ndine amene ndinaona kuti ikudya malo.

Kumbuyo kwanga nthunzi ikukwera pa chumuni,
yoyera, yowongoka, mphepo kulibe.
Aulis watumiza uthenga wa liwu limodzi: "Likugwira."

Manambala atatu otsatira andipeza pa maloboti a pa mlatho.
Anayi otsala akadali pa masitepe.
Injini ikulira, kumbuyo kulibe wondiimbira hutala,
getsi lobiriwira layaka, lazima,
layakanso.