Madontho Atatu

Thanki ndinaigula kwa mphunzitsi wina wosamuka,
ili ndi mng'alu pakona, womatidwa ndi guluu.
Ndinakwera nayo kabaza kuchokera ku Matawale
nditaikumbatira ngati mwana wodwala malungo.

Loweruka ndinaponyamo zonse zimene maso anasirira:
mbuna ziwiri za mizere yabuluu,
magupi asanu ndi awiri, michira ngati zitenje za pa ukwati,
ndi kagolide kamodzi kotupa mimba
kamene Mwatitha anakatcha Bwanamkubwa.

Lolemba michira inali nsanza.
Lachitatu ndinawerenga magupi anayi,
mbuna zikuyang'ana kumbali
ngati si izo.

Che Kausiwa, woweta nsomba ku Domasi,
anabwera ndi kabotolo m'thumba la shati.
Anatunga madzi anga m'kachubu, nadontheza katatu,
madzi nkusanduka achikasu, mbuu, ngati tiyi wosapsa.
"Sikisi," anatero. "Asidi wachuluka.
Madzi a m'phiri lathuli ndi ofewa,
amatsika ku Mulunguzi osalawako laimu.
Mbuna imafuna eyiti, ndi mwala wakewake woti izilondera.
Gupi ndi wofatsa, sadziwa kubwezera.
Wagolideyu amakonda kozizira, ndipo amadetsa ngati nkhumba.
Mwagoneka alendo atatu pa mphasa imodzi, achimwene,
pamene wina amaliza mkonono, wina amaponya mateche."

Ndinafuna kuthiramo soda tsiku lomwelo
kuti nambala ikwere ndithane nazo.
Anandigwira dzanja.
Nsomba imapirira madzi oipa, anati,
koma osati madzi osintha mwadzidzidzi.

Tsono ndinasinja zigoba za nkhono,
ndinazimanga mu sokosi yakale, nkuzibisa mu sefa.
Madzi apampopi amagona kaye m'ndowa usiku wonse
kuti fungo la mankhwala lichoke.
Sabata ndi sabata kachubu kanasiya chikasu,
kanadutsa pobiriwira,
dzulo kanayamba kulowera kubuluu.
Magetsi akathima, pampu ikakhala chete,
ndimadzuka ndi kapu, kutunga ndi kukhuthula,
kutunga ndi kukhuthula,
mpaka atambala a ku Chikanda atandilandira ntchito.

Mbuna zatsala zokha ndi miyala yawo,
iyi kumanzere, iyo kumanja, malire osaoneka pakati.
Magupi ali m'botolo lalikulu la maswiti pawindo.
Bwanamkubwa anapita m'beseni ku Sadzi
kumene amayi ake a Mwatitha amakhala tsopano.

Mwanayo amabwera Lachisanu lililonse ndi kachikwama.
Ndiye amadontheza masiku ano, lilime lili panja,
nawerenga mtundu wa madzi moyang'anitsa padzuwa.
Sabata yatha anaviika chala chake m'kachubu
nandifunsa, osaseka:
"Nanga ine, adadi, ndine wa sikisi kapena wa eyiti?"

Ndinatsuka kachubuko nthawi yaitali
kuposa mmene kamafunikira.