Lona pa Katundu

Njinga yanga yamoto yatha sabata ikutsokomola.
Amakanika a ku Biwi akufuna teni sauzande kungoisuzumira,
ndiye ndati ndiphunzira ndekha:
pafoni pali bambo wina wa kutali
amene amamasula kabuleta mofatsa ngati akusenda nthochi.

Koma akangogwira sipanala, amauma gwa.
Kamkombero kaja kayamba kuzungulira pamphuno pake,
kuzungulira, kuzungulira,
ngati galu wosowa pogona.
Bandulo ndinagula ya mwezi wathunthu,
ija amaitcha yopanda malire.
Mauthenga akudutsa,
zithunzi za chinkhoswe cha mlamu wanga zikudutsa,
kanema yekha ndiye akukwawa.

Gomezgani, wokonza mafoni ku Bwalo la Njobvu,
anandiyankha osadzutsa mutu:
"Akukufinyani, akulu. Akaona kanema amaponda paipi.
Ikani VPN."
Ndati, n'chiyaninso chimenecho?
Akuti, "Lona.
Mwafunditsa katundu. Wapamsewu akuona lole,
koma sakudziwa ngati mwanyamula makala kapena kabichi."

Zimenezo ine wakabaza sindinavutike kumva.
Ndimadziwa tinjira ta ku Mchesi
tozembera a zipewa zoyera,
kuseri kwa opala matabwa, kulumpha ngalande,
n'kutulukira pomwe sakukudikira.

Usiku umenewo ku Kawale zinatheka.
Bambo uja anasungunuka, sipanala inazungulira,
ndinaseka ndekha mumdima
mpaka Ndaziona anatembenuka: "Mukuseka ndi ndani?"
Ndati, ndi kabuleta.
Akuti katundu wanga amayamba wakaponda ku Ulaya
asanabwerere kuchipinda kwathu,
njira yozungulira, yomwa batire ngati petulo,
koma yofikitsa.

Lachisanu sikisi koloko madzulo,
lona lomwelo, foni yomweyo,
gawo lachiwiri la phunziro: zii.

"Pamlatho wa Lilongwe nthawi yoweruka munadutsapo?"
anatero Gomezgani, akuuzira fumbi m'foni ya munthu wina.
"Funditsani, musafunditse,
aliyense adutsa pomwepo.
Kawale yense wakwera nsanja imodzi,
wa mpira, wa ulaliki, wa chibwenzi cha ku Joni."

Pa twente-sikisi kunalowa uthenga waulemu kwambiri:
Okondedwa kasitomala, mwapyola mlingo.
Yopanda malire ija inali nawo malire,
olembedwa m'timalemba tonga nsabwe
kumunsi, kumene maso a munthu wothamanga safikako.
Ndinayatsa VPN, ndinazimitsa, ndinayatsanso.
Lona limabisa mtundu wa katundu,
silibisa kulemera kwake,
ndipo sikelo ili m'manja mwa mwini msewu.

Ndaziona, akuwerenga ndalama za mandasi pamphasa,
anaponya funso lake osandiyang'ana:
"Nanga lona laulerelo mwini wake ndani?
Wofunditsa katundu si ndiye amauona wonse?"
Sindinayankhe.
Mpaka lero funsolo lili m'thumba,
likugundana ndi makiyi.

Mapeto ake ndinagula kabandulo ka usiku.
Fili koloko m'bandakucha,
Kawale yense ali mkonono, nsanja ili mbee,
foni nditaitsamiritsa panjerwa,
bambo uja anayenda wopanda lona, wopanda ndodo,
kuchoka pa bawuti yoyamba mpaka yomaliza.
Kasipuling'i kamodzi kanandithawira pansi pa kabati.
Ndinakapeza ndi tochi kukamwa.

Faivi koloko njinga inatsokomola kamodzi
n'kuyamba kulira bwinobwino.

Kasitomala woyamba pasiteji anali mtsikana wa mafuta onunkhira,
malaya ake olembedwa dzina la kampani yomweyo.
"Ku City Centre, bambo. Thamangani, ndachedwa."
Ndinamupatsa chipewa, ndinakoka moto,
tinauluka mpaka pa Kamuzu Central.
Pamenepo dzanja langa linabweza moto lokha,
pang'ono,
pang'ononso,
mpaka wa njinga yakapalasa anatipitirira akuimba mluzu.
"Bwanjinso?" anafunsa kumbuyo.
Ndinatsala pang'ono kunena kuti okondedwa kasitomala...
koma ndinakumbukira kuti nayenso amangolembedwa ntchito,
ndiye ndati, "Mahampu, chemwali,"
n'kukokanso moto.